Tsiku Limene Mtima wa Mphenzi Unathamanga Wokha

Dzina loti Mphenzi anam'patsa ndi bambo ake, tsiku limene anapambana koyamba mpikisano wothamanga mozungulira bwalo kawiri. Bambowo anali ometa anthu, ndipo m'kachipinda kawo kometera khoma silinkaoneka n'komwe. Panali zithunzi zodula m'nyuzipepala, mamendulo olendewera pamsomali wa galasi, ngakhalenso kapepala ka nambala kamene mwana wawo wamkaziyo anavala pachifuwa tsiku loyambalo. Munthu akangokhala pampando, makina asanalire, ankayamba waonetsedwa zithunzi.

"Mwamuona ameneyu? Mwana wanga. Sanagonjepo. Anzakewo nkhope yake sayidziwa, amangodziwa msana."

"Tametani, bambo," ena ankatero, "tsitsi likukula tili pompano."

Kale Mphenzi ankaseka nawo nthabwala zimenezi. Masiku amenewo ankathamanga chifukwa kuthamangako kunkamukoma. Ankakonda pamene miyendo yasiya kudandaula n'kuyamba kupita yokha, ndipo akamaliza ankangofunsa kochi wake ngati wachita bwino kuposa sabata yatha. Koma zithunzi zitachuluka pakhoma paja, funso lake linasintha osazindikira. Anayamba kufunsa za anzake. Uja wathamanga bwanji? Nanga winayo anali patali bwanji ndi ine? Mawu oti "sanagonjepo" anayamba kumulemera ngati mwala, ndipo mpikisano uliwonse ukamayandikira ankayamba wasanza kuseri kwa bwalo.

Chaka chimenecho kunabwera mtsikana watsopano ku timu yawo. Anali ndi miyendo yaitali moti tsiku lomwelo anthu anam'tcha Wautali. Ankathamanga ngati sakudziwa kuti kuli kugonja. Akatopa ankadzigwetsa paudzu n'kumaseka, kenako n'kukuwa ali chigonere, "Akochi, manjawa lero ndawagwira bwino?" Za anthu ena sankafunsa.

Tsiku lina madzulo akuyeserera, atafika pokhota pomaliza, Mphenzi anamva mapazi kumbuyo kwake. Anawonjezera liwiro, mapaziwo osatsala. Anawonjezeranso mpaka kukhosi kunawawa ngati wameza utsi. Kenako chithunzithunzi chachitali chinamudutsa kudzanja lamanja, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona msana wa munthu ukutalikira patsogolo pake.

Kochi anangoti, "Mwathamanga bwino nonse, kamweni madzi." Wautali anabwera kudzamukumbatira, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, mwandikoka ndinu! Ndekha sindikanafika pamenepa."

Mphenzi anamwetulira ndi mano okha.

Kutsogoloku kunali mpikisano wosankha munthu mmodzi woti akaimire dziko kumasewera akunja. Mmodzi yekha. Bambo ake anali atauza kale aliyense wobwera kudzameta kuti mwana wawo akukakwera ndege, mpaka anachotsa kalendala kuti apeze malo a chithunzi chatsopano.

Kuyambira tsiku limene Wautali anamupitirira lija, Mphenzi sanaonenso mtendere. Ankadzuka kusanache kukathamanga yekha mumsewu kochi osadziwa, n'kupita kuntchito maso ali psuu, madzulo n'kukayesereranso ndi anzake. Ngakhale poyenda wamba, munthu akamabwera m'mbuyo mwake mofulumira, ankapezeka wayamba kukoka phazi osafuna.

Pansi pa mipando ya owonerera pabwalopo panali kachipinda ka mwamuna wina amene ankatikita othamanga. Ankam'tcha Wamafuta, chifukwa fungo la mankhwala opaka linkafika iye asanafike. Lolemba la sabata ya mpikisano, Mphenzi atagona chafufumimba pabenchi yake, Wamafuta anakanikiza katumba ka mwendo n'kupukusa mutu.

"Minofuyi yauma ngati chingwe, mlongo. Simukugona inu."

"Ndikugona."

"Mwendo sunama. Kamtsikana kaja kakusowetsani tulo, eti?"

Wamafuta anakankha chitseko ndi phazi, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa kajumbo kakang'ono kopanda cholembedwa chilichonse. Munali timapiritsi tachikasu.

"Awa ndi otsegula mpweya basi. Limodzi m'mawa, limodzi lokha. Akuluakulu onse mumawaona pa TV aja amadziwa zimenezi, kungoti sanena."

"Nanga akandiyeza?"

"Akuyezeni ndani kuno? Tengani, sindikukugulitsani. Ndimangomva chisoni kuona munthu wakhama akuchititsidwa manyazi ndi mwana wadzana."

Mawu oti manyazi ndi amene anatambasula dzanja lake. Anaika kajumboko m'thumba lam'kati la jekete, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ankaona ngati aliyense akuyang'ana thumba limenelo.

M'mawa mwake anamwa limodzi. Madzulo miyendo inapepuka ngati si yake, ndipo anamaliza patsogolo. Koma atacheuka anapeza Wautali ali pafupi pomwepo, akupuma mwakachetechete, akumanganso chingwe cha nsapato chimene chinamasuka ali pakati pothamanga. Chimwemwe cha Mphenzi chinathera pomwepo. Ngati munthu akundipumira m'khosi nsapato ili yomasuka, nanga Loweruka adzatani? Lachitatu zinali chimodzimodzi. Lachinayi m'mawa anaima m'bafa, kajumbo kali m'manja, n'kudziuza kuti limodzi likuchepa. Anathira angapo pachikhatho n'kumeza osayang'ana.

Mphenzi ankagwira ntchito pamalo ochapa ndi kusita zovala za m'mahotela. Chinali chipinda chachitali cha mawindo ang'onoang'ono m'mwamba, makina ochapira akulira mbali imodzi, matebulo ositira mbali inayo, nthunzi ili tolotolo mpaka kudenga. Ankasita moyang'anizana ndi mayi wina wonenepa, wokonda nkhani, amene onse ankam'tcha Amake Mapasa.

Dzuwa litakwera, akupinda limodzi nsalu yaikulu yoyala pabedi, Mphenzi anamva mtima ukudumpha ngati waphonya sitepe. Anaima. Mtima unagunda kamodzi mwamphamvu, n'kukhala ngati waima, kenako unayamba kuthamanga. Thi thi thi thi, osapumira, ngati munthu akumenya chitseko kuti atuluke m'nyumba yoyaka.

"Iwe, koka mbali yakoyo," anatero Amake Mapasa. "Ukuganiza za ndege kale?"

Mphenzi anafuna kuyankha koma mpweya unakana kulowa. Zala zinachita dzanzi, nsalu inapulumuka. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kudziuza kuti ndi kutentha chabe, zitha pompano. Anayesa kupuma monga amachitira akamaliza mpikisano, kukoka pang'onopang'ono, kutulutsa pang'onopang'ono. Mtima sunamve. Iye anali chiimire, koma m'chifuwa munali munthu amene akuthamanga pokhota pomaliza, ndipo mzere womalizira kunalibe.

"Mayo! Mwanawe, milomo yako yatani?"

Amake Mapasa anazungulira tebulo, anazimitsa simbi, n'kumugwira pachifuwa. Anachotsa dzanja msangamsanga ngati wagwira moto.

"Abwana! Abwana, bweretsani galimoto! Mwanayu akutifera!"

Mawu amenewo Mphenzi anawamva bwinobwino, ndipo nkhongono zinatheratu. Anamunyamula anthu awiri n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto yonyamula zovala, pamwamba pa mitolo ya matawulo. Amake Mapasa anakhala pambali, jekete la Mphenzi lili pamiyendo, akumupepesa ndi chikatoni kwinaku akupemphera mokweza. Galimoto ikagwa m'dzenje, m'maso mwa Mphenzi munkachita mdima. Ndifa, anaganiza. Ndifera pamatawulo a anthu osawadziwa, ndipo akadzang'amba thupi langa adzapeza zachikasu zija. Sanadziwe chimene chinkamuopsa kwambiri pa ziwirizo.

Kuchipatala anamuthamangitsira m'chipinda cha makatani obiriwira. Namwino anamumata timawaya pachifuwa, ndipo makina a pambali pa bedi anayamba kulira mothamanga, kutsanzira mtima wake kuti aliyense amve. Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Anayang'ana makinawo, n'kuyang'ana Mphenzi, nkhope yake osasintha.

"Munayamba mwadwalapo mtima?"

Mphenzi anapukusa mutu.

"Lero mwamwa chiyani? Mankhwala alionse, a kuchipatala, a zitsamba, ogula pamsika?"

Asanayankhe, katani inatseguka. Bambo ake analowa akupuma wefuwefu, atavalabe epuloni yometera, tsitsi la munthu lili mbuu m'manja, chipeso chikusuzumira m'thumba. Abwana a kuntchito ndi amene anawaimbira foni.

"Mwana wanga! Watani? Adokotala, ameneyu ndi wothamanga, Loweruka ali ndi mpikisano waukulu. Mwina munamuonapo m'nyuzipepala."

"Bambo, taimani kaye apo. Chemwali, ndakufunsani. Mwamwa chiyani?"

"Palibe," Mphenzi ananong'ona.

"Ameneyu samwa chilichonse," bambo ake analowerera. "Ngakhale zoziziritsa kukhosi amakana. Mwana wodzisunga kwabasi."

Dokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mutu wake, kuti maso awo alingane.

"Mvetserani. Mtima wanu ukuthamanga mopitirira muyezo, ndipo sungapirire chonchi nthawi yaitali. Ndili ndi mankhwala oti ndiubweze. Koma ngati m'magazi mwanu muli kale chinthu china chimene sindikuchidziwa, ndikhoza kukupatsani olakwika, zinthu n'kuipiratu. Ine si wapolisi. Ndikufuna mutuluke muno ndi miyendo yanu."

Makina ankalirabe. Mphenzi anayang'ana bambo ake. Anali atagwira chitsulo cha kumiyendo kwa bedi ndi manja onse awiri, ndipo anaoneka okalamba kuposa m'mawa. Akanena, nkhope imeneyo isintha, ndipo sidzabwereranso mmene inalili. Akapanda kunena, mwina sayionanso n'komwe. Chifuwa chinafinyika, dzanja lamanzere linalemera, ndipo m'makutu munayamba kulira ngati muli njuchi. Anamva namwino akutchula dzina la mankhwala, anaona jakisoni akukokedwa m'kabotolo.

"Dikirani," anatero. Mawu anatuluka ngati a mwana. "M'jekete. Thumba lam'kati."

Amake Mapasa, amene anali ataima pakhomo, anapisa dzanja n'kutulutsa kajumbo kaja. Anakapereka atakagwira ndi nsonga za zala.

"Angati?" anafunsa dokotala.

"Sindinawerenge. Ambiri."

"Nthawi yanji? Anakupatsani ndani? Anati ndi a chiyani?"

Anayankha zonse maso ali kudenga. Dokotala sanakalipe. Anauza namwino kuti asiye jakisoni uja atenge wina, anatumiza kajumboko kokayeza, n'kupempha onse kuti atuluke. Mphenzi anamva nsapato za bambo ake zikukhwekhwereza pansi potuluka.

Zimene zinatsatira sanazikumbuke bwino. Ankakumbukira kuzizira kwa mankhwala akulowa mumtsempha, kusanza m'kabeseni, ndi mawu a namwino akuti, "Pumani, mayi, pumani, tili pompano." Ankakumbukiranso kuti nthawi ina makina aja anasintha kaliridwe, iye n'kukuwa poganiza kuti mtima ukuima, koma namwino anamugwira phewa n'kumuuza kuti ukubwerera m'malo mwake.

Atatsegula maso bwinobwino, dzuwa linali litapendeka. Anali m'chipinda china cha mabedi ambiri, ndipo bambo ake anali pampando wapulasitiki, epuloni itapindidwa pamiyendo. Anakhala nthawi yaitali osayang'anana.

"Kasitomala ndinamusiya mutu theka," bambowo anatero potsiriza. "Kaya wapita choncho."

Mphenzi anayamba kulira. Analira mpaka mayi wa pabedi loyandikana anatembenukira kukhoma kuti awapatse mpata.

"Ababa, pali mtsikana amene amandiposa. Anandipitirira poyeserera. Loweruka akanandipitiriranso pamaso pa anthu onse."

"Ndiye?"

"Ndiye inu mukanawauza chiyani anthu kometera kuja?"

Bambo ake anayang'ana manja awo, n'kuyamba kuchotsa timatsitsi tomatirira pachala.

"Ndikanawameta," anatero. "Amabwerera zimenezo. Zinazo ndimangolongolola ine. Panjira pobwera kuno ndimangoti, Mulungu, ndikamupeze akupuma. Olo akhale womaliza mpaka kalekale, ndikamupeze akupuma. Iwe umasanza mpikisano usanayambe, amayi ako akanakhala moyo akanaona. Ine ndimangoona mamendulo."

Kochi anabwera m'mawa mwake, chipewa chili m'manja. Anali munthu waukali pabwalo, koma tsiku limenelo analankhula motsitsa.

"Ndapita kwa Wamafuta. Chitseko n'chokhoma, kabati wasesa, foni sakuyankha. Ndikufuna ndidziwe kuti wapatsanso ndani, ndisanaike mwana wa munthu m'manda." Anapukuta nkhope ndi chipewacho. "Nkhaniyi ndikainena kubungwe la zamasewera, sindingaibise. Akuimitsa, mwina nthawi yaitali. Ukakafotokoza wekha zonse, mwina adzakumvera chisoni."

"Ndikanena, akochi."

"Unkathamanga m'mawa mobisa, eti? Ndinkaona miyendo yolemera, ine n'kumati ndi ulesi, n'kumakuwonjezera ntchito." Anaimirira. "Ukachira udzabwere, olo kudzangokhala paudzu."

Loweruka Wautali anapambana. Bungwe linamuimitsa Mphenzi, ndipo nkhani inatuluka m'nyuzipepala, kachidutswa kakang'ono kopanda chithunzi. Ena pamsewu ankamuloza, ena ankamupatsa moni mokweza kuposa kale ngati akupepesa maliro. Zimenezo anazipirira. Chimene sanathe kupirira chinali mtima wake womwe.

Dokotala anali atamuuza kuti mtima sunawonongeke, ndipo pakapita milungu ingapo akhoza kuyamba kuyenda ndawala, kenako kuthamanga pang'onopang'ono. Koma Mphenzi sankaukhulupiriranso. Akakwera masitepe n'kumva kugunda kukukwera, ankaima n'kugwira khoma, thukuta lozizira lili chuchuchu. Kuntchito anapempha kuti amuchotse ku simbi azikapinda matawulo pafupi ndi khomo. Ankayenda ngati wasenza dzira pamutu. Zala ziwiri zinazolowera kupita pakhosi pambali, kumvetsera, ngakhale ali pakati pa kucheza.

"Udzabowola khosilo," Amake Mapasa ankamunena. "Mtima ndi wogunda, mwanawe. Ukadzasiya m'pamene udzadandaule."

Miyezi inapita choncho. Tsiku lina ataweruka, awiriwo anatuluka mochedwa chifukwa kunabwera katundu wambiri wa hotela. Kumwamba kunali kutada bii, ndipo asanafike pasiteji mvula inayamba ndi madontho akuluakulu. Patsogolo pawo minibasi ya kwawo inali itayamba kale kusuntha, kondakitala akulendewera pakhomo.

"Imeneyo ikatisiya tivumbwa mpaka mafupa!" anakuwa Amake Mapasa. "Ine ndi thupi ili sindingathe. Taigwire!"

Mphenzi sanaganize. Anangopezeka wakwapatira chikwama m'khwapa, akudumpha zithaphwi, akuzemba ogulitsa amene ankasonkhanitsa katundu wawo. Anadutsa mnyamata wa njinga, anadutsa abambo awiri othamanga ndi manyuzipepala pamutu, n'kumenya minibasiyo m'nthiti ndi chikhatho. Inaima.

Atakhala pampando m'pamene anazindikira chimene wachita. Mtima unali kugunda mwamphamvu, m'khosi, m'makutu, paliponse. Mantha anamugwira ngati madzi ozizira. Anaika zala pakhosi, n'kutseka maso. Zayambanso. Chipatala chili kutali, msewu wadzaza, ndifera muno. Anafuna kukuwa kuti aimitse galimoto, koma lilime linauma.

Amake Mapasa anafika akuwefuka, atanyowa theka, n'kudzigwetsa pambali pake mpaka minibasi inagwedezeka. Ataona nkhope ya Mphenzi anasiya kuseka. Anangotenga dzanja lake lina n'kuligwira pamiyendo pawo.

Minibasi inanyamuka. Mvula inkamenya denga. Mphenzi anamvetsera, akudikira kudumpha kuja, kuima kuja. Sizinabwere. Kugunda kunali kwamphamvu koma kwadongosolo, ndipo pofika pamphambano yoyamba kunali kutayamba kutsika, pang'ono, pang'ono, monga mtima wa munthu aliyense amene wathamangira basi.

Kondakitala, amene sankamudziwa, anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Koma achemwali muli ndi liwiro inu! Bwanji osakayesa za mpikisano? Mukungotaya luso pothamangitsa ife."

Amake Mapasa anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. Mphenzi anachotsa zala pakhosi. Madzi amene ankatsika m'masaya sanali a mvula okha.

"Sunthirani uko, amayi," anatero ndi mawu osasa. "Mwandikhalira siketi."